Chikomekome cha Nkhuyu, M'kati Muli VARCHAR

Akuluakulu aja ponena kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ankachenjeza anyamata ofunsira mbeta pongoona nkhope. Sankadziwa kuti akuchenjezanso zidzukulu zolemba SQL.

Taonani mitengo ya katundu mu database: manambala ali ndondondo, osiririka. Muiuze kompyuta iwasanje kuyambira wamng'ono, mungoona 10 watsogola, 9 ali pambuyo. Musathamangire kwa sing'anga. Wina anasunga manambalawo ngati VARCHAR, ndiye kompyuta ikuwawerenga ngati mawu, chilembo chimodzichimodzi, ndipo 1 amabwera 9 asanafike. Mu SQL Server, '5' + '5' amabala 55, phindu loti ngakhale wakatapila angachite nalo manyazi.

Mpeni wong'ambira nkhuyuyi ndi CAST. Mukalemba CAST(mtengo AS INT), mawu aja asanduka nambala. Ali ndi mbale wake, CONVERT, koma uyu khalidwe lake limatengera komwe anakulira: ku SQL Server mtundu wa deta umayamba, ku MySQL umakhala kumapeto. A PostgreSQL ndi aulesi, amangolemba mtengo::int n'kumapita.

Nyerere zenizeni zimatuluka mukang'amba. Tiyerekeze kalaliki analemba '1,500', ndi kakoma kake pakati, monga anaphunzirira kusukulu. SQL Server amakana poyera, funso lonse n'kuima, inu n'kutukwana. MySQL ndi waulemu. Mukamuuza CAST('1,500' AS SIGNED), amawerenga mpaka pa kakomako, n'kukupatsani 1, chenjezo n'kuliika pambali pomwe palibe amayang'ana. Katundu wa K1,500 wagulitsidwa kwacha imodzi, lipoti lapita kwa bwana likumwetulira. Ine bola wondikanira pamaso uja.

Masiku nawo ali ndi zawo. Mu CONVERT ya SQL Server, '03/04/2024' ndi 3 Epulo mukaika sitayilo 103, koma ndi 4 Malichi mukaika 101 ya ku America. Ngongole yomweyo, wina wachedwa nayo mwezi, wina akadali ndi nthawi.

Komanso si nkhuyu iliyonse yofunika mpeni. Nambala ya foni ya TNM kapena Airtel imayamba ndi 0. Mukaisandutsa INT, ziro uja wathawa, chifukwa masamu samuwerengera wotsogola wopanda kanthu. Isiyeni ikhale VARCHAR. Kodi munaonapo munthu akuphatikiza nambala ya apongozi ndi ya abusa kuti apeze yankho?