Zoseketsa za m'Mapiri a Mchinji

Zaka za muwanga

Mnyamata wa ku Lilongwe anakwera phiri ndi agogo ena a m'mudzi wapafupi. Atafika pa muwanga waukulu woti anthu awiri sangaufungatire, anafunsa zaka zake.

"Boma lino likutchedwa Fort Manning, uwu unali kale ndi mphako," anatero agogo. "Pamene azungu ankaika malire a nkhalangoyi mu 1924, anapumira pamthunzi pake."

"Nanga wapulumuka bwanji, agogo?"

"Woyamba kudzaudula anathyola nkhwangwa. Wachiwiri anathyola mpini. Wachitatu anapeza njuchi zili pamsonkhano."

Anyani a kunja

Mlimi wina wa kufupi ndi Kachebere anakadandaula kwa amfumu kuti anyani a ku Zambia amutsirizira chimanga.

"Mwadziwa bwanji kuti ndi a ku Zambia?"

"Gogo chalo, athu ndikawagenda amathawira kuphiri. Awa amalunjika ku Chipata, ndipo pamalire pa Mwami saima n'komwe."

Kudikira gwape

Mlendo wina anabisala m'tchire kuyambira mbandakucha, kamera ili m'manja, kudikira gwape. Dzuwa lili paliwombo, masamba anachita tswa tswa. Anagwira mpweya. Potulukira panali njinga, matumba atatu a makala, ndi bambo thukuta lili kamukamu.

"Pepani achimwene, muno gwape amaoneka?"

"Kwambiri. Dzana lomweli ndinamuona."

"Pati?"

"Pambali pa nsima."

Alonda osaweruka

Munthu wina anafunsa wootcha makala chifukwa chake mitengo ikuluikulu yatsala kumanda kokha, pamene m'phiri mwadzaza zitsa.

"Alonda a nkhalango amaweruka, amadwala, nthawi zina amapita kumaliro," iye anayankha. "Koma eni ake a kumanda aja, munamvapo kuti apita kutchuthi?"

Gwero la Bua

Aphunzitsi anatenga ana a Sitandade 5 kukaona kasupe m'phiri. Anawauza kuti mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri omwewa, n'kuyenda mpaka kukathira m'nyanja ku Nkhotakota.

Kamtsikana kena kanayang'ana timadzi tija, kenaka botolo lake.

"Aphunzitsi, ndikatunga onsewa, a ku Nkhotakota asamba chiyani?"

"Tunga mwanawe, usaope. Amalume ako a nkhwangwa anayamba kale kuwaumitsa, ndipo a ku Nkhotakota sanatumizebe kalata."