Foni ya mitala

Ndithandizeni abale, mwina ndine ndekha amene mutu sukugwira. Foni yanga ili ndi malayini awiri, ya 088 ndi ya 099, TNM ndi Airtel. Kwa mwana wa achemwali anga ku Area 43, komwe ndikukhala, kulinso WiFi. Njira zitatu zolowera pa intaneti zimenezo. Nanga bwanji imagwira imodzi yokha? Wamitala wanzeru amayendera nyumba zonse, koma iyi ikakonda imodzi imakakamira pomwepo ngakhale moto utazima.

Nyumba za kuno n'za mabwalo aakulu. Rauta ili pabalaza, ndiye ukamalowera kugeti timizere ta WiFi timathothoka kamodzikamodzi, pofika pakanyumba ka alonda katsala kamodzi. Chithunzi chimene ukutumiza chimangozungulira, pamene layini ili ndi bandulo, netiweki yodzadza. Foni ikudikira chiyani?

Ndinamufunsa mwanayo, poti ntchito yake ndi ya makompyuta ku City Centre. Iye anati, "Malume, njira iliyonse imaipatsa foni keyala yakeyake, IP address. Malamulo otumizira uthenga otchedwa TCP analembedwa mu 1981, makompyuta asanayambe kuyenda m'matumba. Kukambirana kukayambira pa keyala ina, kuyenera kuthera pomwepo. Mukasintha njira, keyala yasinthanso, ndiye zimaduka n'kuyambiranso."

Ndiye anthu ophunzirawa vutoli sanalione? Akuti analiona. Bungwe lolemba malamulo a intaneti, la IETF, linakhazikitsa gulu mu 2009 loti liunike za zipangizo zokhala ndi njira zingapo. Mu 2013 bungwelo linatulutsa Multipath TCP, yolola uthenga kudzera njira ziwiri nthawi imodzi, ndipo Apple inaiyika mu Siri chaka chomwecho. Mu 2021 kunabwera QUIC, yomwe imazindikira kukambirana ndi nambala yake osati keyala, moti ukhoza kuchoka pa WiFi kupita pa data osaduka.

Chabwino. Ngati mankhwala anapezeka kalekale, ine ndikudwaliranji? Akuti pamafunika mbali zonse zivomereze, foni yanga ndi kompyuta ya uko yomwe ikulandira, ndipo si onse anatero. Lamulo loti wofuna atsate, wosafuna asiye, limeneli n'lamulo?

Za malayini awiri nazonso akuti mafoni ambiri amamvetsera onse podikira wokuimbira, koma data amakoka pa imodzi basi. Kuti usinthe, ulowe mkati ukadine wekha. Nanga nzeru zimene amati foni ili nazo zimagwira ntchito yanji?

Chimene chimandisowetsa tulo ndi ndalama. Magetsi akazima, rauta nayo zii. Foni siifunsa, imangolumphira pa data, vidiyo ija n'kumapitirira. Pozindikira, bandulo ya sabata yatheratu, mwinanso yayamba kudya mayunitsi. Tsiku lina layini iyi ili ndi bandulo yotha pakati pa usiku, inayo ili ndi ya mwezi, koma foni ikudya ya mwezi, yotha usiku ija n'kupsa isanakhudzidwe. Imatha kuyeza mphamvu ya netiweki, bwanji siyeza thumba langa? Mwanayo akuti ukhoza kuiuza kuti njira yakutiyakuti ndi yolipira, iziyenda mosamala, koma za tsiku lothera bandulo sizili m'malamulo amenewo. Olembawo sagula bandulo ya tsiku?

Ndinkaganiza kuti zoterezi amagamula ndi a MACRA. Akuti iwo amayang'anira ziphaso ndi ntchito za makampani kuno kwathu, koma kayendedwe ka uthenga kamakambidwa ku IETF, komwe amakumana katatu pachaka. Kulibe khadi la umembala, aliyense akhoza kuyankhulako ngakhale ali kwawo. Ngati khomo ndi lotsegula chonchi, ana athu amene akuphunzira makompyuta ku MUBAS ndi ku Mzuni, alipo amene anakanenako kuti kuno foni iziyamba yafunsa mwini ndalama?