Zikomo, Agogo Kutentha a ku Lisungwi

Chaka ndi chaka, Novembala akamapita kumapeto, azungu a ndalama zawo amasonkhana padoko la Las Palmas ku Gran Canaria, aliyense ndi bwato lake la matanga. Akuthawa chisanu. Ulendowu, umene amautcha ARC ndipo unayamba mu 1986, ndi wowoloka nyanja ya Atlantic kukafika pachilumba cha Saint Lucia, mamailo apanyanja pafupifupi 2,700. Sanyamuka chisawawa ayi. Wofulumira amakumana ndi anamondwe amene amavuta kuyambira Juni mpaka Novembala, choncho amadikira, maso ali pakompyuta, kuti mphepo ya kum'mawa ikhazikike iziwakankha. Masabata awiri kapena atatu munthu akusanzira m'nyanja, kufuna chiyani? Kutentha basi, komwe ife a ku Lisungwi timalandira ulele, popanda pasipoti.

Ndiye lekani ndikuyamikeni, Agogo Kutentha, inu amene ana osaleredwa amakutukwanani masana onse.

Mbale wathu wa ku Dambe kapena ku Nsambe, kumtunda kwa Neno uko, mu Juni amagona atavala majuzi awiri, chiperoni chikulowera pansi pa chitseko. Akakufunani inu, bwato salifuna. Amangomanga thumba la mbatatesi panjinga yamoto n'kutsetsereka, ndipo asanaone mlambe woyamba juzi wavula kale. Komatu nayenso aziwerenga nyengo. Akazengereza mpaka Januwale apeza msewu uli phala lokhalokha, mtsinje wa Lisungwi ukuthamangira ku Shire ndi zitsa zomwe, wa kabaza naye mtengo wakweza.

Kuno wotchi ndi ya chiyani inu mulipo? Mu Okutobala mumadzutsa mudzi wonse tambala asanamalize kulira. Wa kumunda, wa kudilawo, wopita ku sikelo ndi mwana kumsana, onse amayenda kukadali mbuu, podziwa kuti ikakwana 9 koloko mwakhala kale pampando. Apo khasu limakana, mbuzi zimaunjikana pamthunzi malilime ali kunja, ndipo mlesi ndi wakhama simungawasiyanitse. Chilungamo chotere ngakhale kwa mfumu sitichipeza.

Nanga zachuma? Bulangete sitilidziwa mtengo. Mayi akaika ndowa pabwalo, madzi osamba atentha popanda kutha nkhuni. Zovala zimauma wochapa asanatsukuluze zotsala. Thonje limakukondani. Chimanga chokha ndicho chimakwinya nkhope mvula ikadukiza mu Febuluwale, koma pamenepanso mumatiganizira: nkhokwe yaikulu imatopetsa kuluka. Magetsi akupangidwa pafupi pompano, pa Nkula ndi Tedzani, koma ambirife fani yathu ndi chibenthu cha katoni, chimene sichizima ndiponso chimalimbitsa mkono.

Usiku simutisiya tokha. Malata akamalavula moto umene anameza masana, banja lonse limatulutsa mphasa pabwalo, ndipo inu mumatitumizira oimba anu, udzudzu, amene salipiritsa pakhomo. Amangotenga kadontho kamodzi kamagazi, zotsalazo mukakambirana ndi adokotala.

Pempho langa ndi limodzi, agogo. Chaka chino mvula ikachedwa, takwerani phiri mukacheze ku Dambe ngakhale sabata imodzi. Nawonso aja ndi adzukulu anu, asamatinene kuti tikudya tokha.