Mlendo ndiye amakuonetsa London

Mmalawi wokhala ku London amaudziwa mzindawo pokhapokha abale akabwera kudzacheza. Chaka chonse njira zake ndi za kuntchito, kutchalitchi ndi kogula ufa, koma amalume akangotsika ndege pa Heathrow, iye amasanduka katswiri wa mbiri yakale, kuloza Big Ben ndi Buckingham Palace kwinaku akusuzumira pafoni mobisa. Ena amati vuto ndi ndalama. Bodza limenelo, chifukwa ku British Museum amalowa ulere, ndipo palibe amene amalipiritsa kuyang'ana mtsinje wa Thames. Ena amati nthawi ndiyo imasowa, komatu yoperekeza apongozi m'masitolo a mu Oxford Street imapezeka ndithu. Choncho alendo akachuluka musamadandaule. Popanda iwo, mzindawo mukanamauonera pa Facebook ngati ife akumudzi kuno.