Kadamsana sadikira kuti minibasi idzaze

Ife a ku Thambani tinazolowera kuti chinthu akati chichitika Lachinayi, ndiye kuti chichitikadi Lachinayi, kungoti si Lachinayi limene mukuliganizira inulo. Msonkhano wa 8 koloko timapitako titadya nkhomaliro. Telala akati mubwere mawa, timadziwa kuti nsalu sanaidule n'komwe. Mlatho akaulonjeza pa kampeni, timauza adzukulu kuti adzawolokepo m'malo mwathu. Moyo umayenda bwino ndithu motere, palibe amakwera nazo BP. Zimavuta pokhapokha munthu woleredwa chonchi akapangana nthawi ndi dzuwa.

Munali mu Juni 2001, manachesi atapsa psuu m'minda yonse ya ku Mwanza, pamene wailesi inayamba kulengeza kuti Lachinayi pa 21 kudzakhala kadamsana, woyamba kuphimba dzuwa lonse m'zaka 100 zatsopanozi. Pagolosale pathu nkhani inakula. Ena amati ndi chimaliziro chija chinalephereka mu 2000, changosintha tsiku. Aphunzitsi ena opuma pantchito, amene sitiwatsutsa chifukwa anatikwapulapo tonse, anatola nachesi pa mulu wanga osapempha, n'kuliika kutsogolo kwa tochi. Anati dzuwa limaposa mwezi kukula ka 400, komanso lili kutali kuposa mwezi ka 400, n'chifukwa chake tikayang'ana kumwamba ziwirizi zimaoneka zofanana. Mwezi ukadutsa pakati pa ife ndi dzuwa umagwetsa mthunzi padziko, koma mthunzi wakuda weniweniwo ndi wopapatiza, ulendo umenewo sudzapitirira makilomita 200 m'lifupi. Udzatuluka m'nyanja ya Atlantic, kulowa Angola, kudutsa pa Lusaka, kumpoto chakum'mawa kwa Zimbabwe, Mozambique, kukhudza kansonga ka Malawi kumunsi kwa Nsanje, n'kukathera cha ku Madagascar.

"Nanga ife kuno, aphunzitsi?"

"Kuno dzuwa lidzatsala kachidutswa. Ndipo kachidutswako n'kokwanira kukubisirani zonse zimene anthu amaulukira pa ndege kuti akaone."

Anawonjeza kuti malo amodzi amatha kudikira zaka pafupifupi 375 kuti mthunziwo udzawapondenso. Atatha kufotokoza anasenda mwezi uja n'kudya.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinakumbuka kuti Angoni a Zwangendaba, powoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835, kunawadera masana, ndipo mpaka lero akatswiri a mbiri amadziwira pa kadamsana ameneyo tsiku limene anawoloka. Ine Ungoni wanga umaonekera pakakhala nyama ndi mowa basi, koma tsiku limenelo magazi anawira. Ndinauza mayi a kunyumba kuti mwamuna weniweni sangakhutire ndi kachidutswa.

"Angoni anuwo anawoloka ndi ng'ombe ndi akazi awo," anatero akupeta mpunga. "Inu mutenga chiyani, bambo?"

"Manachesi."

Apa ndiye panali nzeru zanga zonse. Sabata imeneyo pa chipata cha Mwanza pamadutsa zimalole zodzaza azungu, makamera ali m'khosi, kulowera ku Zobue ndi ku Tete. Ku Lusaka amati alendo afika zikwizikwi, mahotela adzaza. Ndinawerengera kuti mzungu akaimirira malo amodzi maso ali kumwamba, thumba lake limatsala pansi pano. Ku Lusaka kunali kutali. Kutsidya kwa Zambezi kumafuna pasipoti, ngakhale ife a ku Thambani timalowa mu Mozambique tikamasaka mbuzi yosochera popanda wotifunsa. Kunatsala ku Marka, kumathero a Nsanje: dziko langa lomwe, chilankhulo ndikumva, kadamsana wathunthu, msika pompo.

Aphunzitsi anandichenjeza za maso. Galasi lodetsa ndi utsi wa koloboyi, mafilimu akale a kamera, magalasi akuda a anyamata odzimva, ngakhale beseni la madzi, zonsezi anati n'zachabe, chifukwa dzuwa limawotcha m'kati mwa diso mwakachetechete, ululu osaumva, udzazindikira mawa ukulephera kuwerenga. Anati ngati magalasi enieni a kadamsana palibe, galasi la owotcherera zitsulo la nambala 14 ndilo lingathandize. Ndinabwereka limodzi kwa mnyamata wina pa boma. Nambala yake inali itafufutika, ndipo linali ndi mng'alu, koma ndinalikulunga m'mpango n'kuliika m'thumba la jekete mwaulemu wonse.

Za ulendo wa Lachitatu sindinena zambiri. Matola mpaka pa boma, basi mpaka Blantyre, kugona kwa mphwanga ku Ndirande, kumene ana anachepetsako katundu wanga mwachikondi. Lachinayi kusanache bwino ndinali kale pa siteji, thumba lili paphewa.

"Ku Nsanje mufika nthawi yanji, achimwene?"

"Madala, 12 koloko mukhala mukutsuka m'manja kuti mudye mlamba. Watsala munthu mmodzi yekha."

Munthu mmodzi ameneyu sindinamuone nkhope mpaka lero. Minibasi inalidi yodzaza, injini ikulira, adalaivala akusuntha pang'ono kutsogolo n'kubwereranso. Koma pakabwera wokwera weniweni, mmodzi mwa anthu amene ndinawapeza atakhala amatsika mwakachetechete n'kukaima panja. Ndinazindikira mochedwa kuti anzanga apaulendo aja anali pa ganyu yokhala pampando. Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo, likundiyang'ana, lathunthu bwinobwino.

Tinatsika mapiri opita ku Chikwawa mabuleki akununkha, kudutsa pa Thabwa, kuwoloka Shire, kulowa m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Aliyense woimirira m'mbali mwa msewu, ngakhale wongokanda m'mutu, timamuimira. Pa Ngabu adalaivala anatsika kukadya. Ndinawatsatira, chipewa chili m'manja.

"Adalaivala, pepani, tikachedwa kadamsana."

Anandiyang'ana, n'kuitanitsa nsima ina. Nditabwerera m'galimoto, mayi wina amene anakhala pafupi nane, nkhuku ili pamiyendo, anandifunsa mwachifundo: "Kodi a Kadamsanawo ndi abale anu? Akudwala?"

Itadutsa 2 koloko kuwala kunayamba kusintha. Kunja kunaoneka ngati kwachita fumbi pamene fumbi palibe. Ndiye tisanalowe Bangula, tayala lakumbuyo linaphulika. Jeke analipo, koma anali wa mtundu umene umafuna mapemphero ndi miyala. Kondakitala anayang'ana amuna tonse, maso ake n'kuima pa ine.

"Madala, inu ndinu ochepa thupi. Lowani pansipa muziikira miyala, ife tizinyamula."

Abale anga, munthu amene anachoka ku Thambani kudzaona zakumwamba, pa nthawi yeniyeniyo anali chagada pansi pa minibasi, akuyang'ana chitsulo chodontha oyilo. Itangopitirira 3 koloko ndinamva kuzizira kukulowa m'malaya. Mbalame zinayamba kusokosera, kenaka zii. Ndinaona miyendo ya ng'ombe ikudutsa, ikulowera kumudzi. Mayi wa nkhuku uja anayamba pemphero lokweza, ndipo bambo wina, amene ndimangomuona nsapato, anaulula pagulu kuti ngongole ya mlamu wake anaikana dala. Ndinakuwa kuti nditulutseni.

"Madala, mukasiya mwalawo tonse tigona pano!"

Galasi langa linali m'jekete, jekete lili pampando, pampandopo atakhalapo munthu. Pamene ndimatuluka, fumbi lili m'makutu, kunja kunali kutayamba kuyera, ndipo bambo wa ngongole uja anali akufotokoza kuti anthu sanamumvetse bwino. Ndinafunsa anzanga kuti dzuwa linathimadi lonse? Anati ayi, kanatsala kachidutswa. Kachidutswa komwe kaja ndinakasiya kwathu kwaulere. Mthunzi weniweni unadutsa kutsogolo kwathu pa nthawi imene akatswiri ananena, osachedwa ndi mphindi imodzi, osaima pa Ngabu kuti udye.

Izi ndi zimene zimandipweteka mpaka pano. Dziko, mwezi ndi dzuwa zilibe kondakitala, zilibe komiti, koma anthu amatha kuwerengera zaka zambiri m'tsogolo kuti mthunzi udzafika pamudzi wakuti mphindi yakuti, ndipo umafikadi. Anthu akale a ku Babulo anali atazindikira kale kuti kadamsana amabwereza pakatha zaka 18 ndi masiku 11. Ndipo zoonadi, mng'ono wake wa amene anandithawa ine uja anatulukira pa 2 Julayi 2019 ku Chile ndi ku Argentina, tsiku lake lomwelo.

Ku Nsanje tinalowa kutada, mdima wamba wa masiku onse. Mzungu sindinamuone. Manachesi, amene mnyamata wina anawakhalira kuchokera ku Nchalo, ndinawagulitsa m'mawa mwake pa mtengo umene ku Mwanza ukanachititsa msonkhano wa banja.

Kunyumba ndinapeza anthu akusimba. Mayi anati anali pansi pa mtengo wa mango akusenda chinangwa, ndipo kuwala kodutsa m'masamba kunagwa pansi ngati timiyezi tatsopano tambirimbiri, pabwalo ponse. Anatenga sefa n'kuiika padzuwa, pa kabowo kalikonse panatuluka kamwezi kake pansi. Ana anavina, nkhuku zinasonkhana pakhomo pa khola, agogo anafunda bulangete. Sanayang'ane kumwamba ndi kamodzi komwe, sanalipire ndi tambala yomwe.

"Nanga inu bambo, kumene kunali kwathunthuko, munaona zotani?"

Ndinati zinthu zina n'zovuta kuzifotokoza kwa munthu amene sanayendepo.

Bodza limeneli linakhala moyo mpaka Khirisimasi, pamene alamu anga a ku Matero ku Lusaka anabwera kudzacheza. Iwo anaonera pakhonde pawo, kapu ya tiyi ili m'manja. Anati kwa mphindi zitatu ndi kanthu dzuwa linasanduka chibowo chakuda bii, chozunguliridwa ndi kuwala koyera konyezimira kumene masiku onse sikuoneka, nyenyezi zinatuluka masana, m'mphepete monse mwa thambo munafiira ngati kukucha mbali zonse nthawi imodzi, ndipo amuna akuluakulu analira osadziwa chimene akulirira. Kenaka anatembenukira kwa ine: "Si choncho, alamu? Inu munaonanso." Ndinavomera ndi mutu. Mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti oyilo amene anavuta kuchapa pa malaya aja anagwa kuchokera ku nyenyezi iti.

Mwayi wina unabwera msanga. Pa 4 Disembala 2002 m'mawa, mthunzi unadutsa kumwera kwa Zimbabwe cha ku Beitbridge ndi ku Musina ku South Africa. Koma chimenecho chinali chaka cha njala, ndipo nditangoyamba kuti "paja aphunzitsi akuti," mayi analoza nkhokwe osanena kanthu. Wa pa 1 Sepitembala 2016, amene anadutsa kumwera kwa Tanzania m'chigawo cha Mbeya, anali woti mwezi umachepa n'kusiya mkombero wa moto kuzungulira, ndiye ndinauza anthu kuti ine za mikombero sindiyendera. Wa pa 2 Ogasiti 2027 ku Luxor, m'dziko la Egypt, ndi wa mphindi zoposa 6, koma mdzukulu wanga atandionetsa mtengo wa ndege pa foni ndinaona mdima pompo, wathunthu.

Watsala wa Lolemba pa 25 Novembala 2030 m'mawa, wodutsa Namibia, Botswana, Lesotho ndi South Africa, mzinda wa Durban uli m'njira yake. Ndiye inu ana a ku Mwanza amene muli ku Durban, ndikudziwa mulipo ambiri ndipo ena makolo anu ndimapemphera nawo: konzani mphasa. Ndinyamuka mu Okutobala. Mundigulire magalasi enieni a kadamsana, mundikhazike pabwalo kutatsala tsiku lathunthu, ndipo tayala la munthu aliyense likaphulika m'mawa umenewo, musanditchule dzina.