Za Kuukitsa Galimoto ya Amalume

Pali mtundu wina wa chuma cha masiye umene anthu ochenjera amauzemba pa tsiku logawana katundu, ndipo ndiwo umagwera munthu waulemu amene wakhala phee kumbuyo, kudikira kuti akulu ayambe asankha. Amalume atatsikira kuli chete kwathu ku Thyolo, misozi itaphwa ndipo alendo atabalalika, abale anga adagawana zonse zooneka ndi maso: wina adatenga mbuzi, wina makina osokera, wina malata amene adali asanakhomedwe, ndipo dzina langa litatchulidwa, mkulu wa banja adaloza pansi pa mtengo wa mango, pamene padali chiphapha cha Peugeot 404 chitakhala pa njerwa, nati, “Inu a m’tauni, chanu ndi icho.” Anthu onse adawomba m’manja, ndipo ine, posafuna kufunsa chifukwa chimene ankawombera mwamphamvu chotero, ndidagwada n’kuthokoza.

Tsono owerenga anga asafulumire kuseka, pakuti galimoto imeneyi si yachabechabe monga ena a m’banja mwathu amanenera. Mtundu wake udayamba kupangidwa ku France m’chaka cha 1960, thupi lake litajambulidwa ndi amisiri a Pininfarina a ku Italy, ndipo ngakhale eni ake adaleka kuupanga kwawo mu 1975, ku Kenya adapitiriza kuulumikiza mpaka 1991, chifukwa udapirira misewu imene idathyola misana ya magalimoto ena ambiri. Pa mpikisano woopsa uja wa East African Safari, umene unkadutsa m’matope a Kenya, Uganda ndi Tanganyika, Peugeot 404 yoyendetsedwa ndi Nick Nowicki idapambana mu 1963, chaka chimene mwa magalimoto 84 amene adanyamuka, 7 okha ndiwo adafika kumapeto. Ndipo mtundu womwewo udapambananso mu 1966, 1967 ndi 1968. Mbiri yonseyi ndimaidziwa pamtima, ndipo ndidaifotokoza mosadumpha kanthu kwa mayi a kunyumba tsiku limene lole idatula chiphaphacho pakhomo pathu ku Chilomoni. Iwo adamvetsera mwaulemu, manja ali m’chiuno, kenaka adafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi ya amalumeyi idapambana mpikisano uti.

Amalumewo adali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi, ndipo galimotoyo adaigula kwa mzungu wina wobwerera kwawo, masiku amene kwacha idali khanda, pakuti idangobadwa mu 1971. Galimotoyo idanyamula akwati, odwala, matumba a feteleza ndi maliro a mudzi wonse kufikira chaka cha riferendamu, 1993, pamene idatsokomola pakhomo n’kukhala chete. Chiyambire pamenepo idatumikira mtundu m’njira zina: nkhuku za mibadwo yambiri zidaswera pampando wakumbuyo, makoswe adakhazikitsa boma lawo pansi pa dashibodi, ndipo dzimbiri lidadya pansi pake mwakuti munthu wokhala pampando wa dalaivala ankatha kuwerenga nyerere zodutsa osatsegula chitseko.

Pamenepo ndidaitana mwana wanga wachisamba, mnyamata amene adali atangolemba mayeso a Fomu 4 ndipo ntchito yake yaikulu idali kusisita foni kuyambira m’mawa mpaka nkhuku zitalowa, ndipo ndidamuuza, ndi mawu oyenera kholo, kuti mutu umodzi susenza denga, kuti nthawi yakwana yoti aphunzire ntchito ya manja kwa atate ake, ndi kuti iye adzakhala wophunzira, ine mphunzitsi. Wina akafunsa kumene ndidaphunzira za magalimoto, ndimuyankha mosabisa kuti kwa zaka zambiri ndakhala ndikukwera minibasi pampando wakutsogolo, pafupi penipeni ndi dalaivala, ndipo munthu wa maso sakhala pamalo otero osatolapo kanthu.

Phunziro loyamba lidachitika titatsegula boneti. Nditaona kuti injini yapendekera mbali imodzi, ndidapukusa mutu ndi kulengeza kuti nayi nthenda imene idapha galimoto ya amalume: injini idagwa, ndipo tiyenera kupeza jeke ndi mtengo wolimba wa bulugama kuti tiidzutse iime chilili. Mnyamatayo sadanditsutse, pakuti tidamulera bwino, adangosisita foni yake kanthawi, kenaka adati motsitsa mawu, “Ababa, akuti idapangidwa choncho. Adaipendeketsa dala kuti boneti ikhale yotsika.” Ndidamuuza kuti ndimamuyesa, ndipo wakhoza. Ndidamuyesanso tsiku lomwelo pa nkhani ya magudumu, pamene ndidapeza kuti lililonse lili ndi manati atatu okha, ndipo ndidali nditayamba kale kulemba kalata yaukali kwa abale a kumudzi yowafunsa kumene adapititsa enawo. Iye adandionetsa kuti mabawuti akenso ndi atatu, ndipo kalatayo ndidaisunga kuti idzagwire ntchito pa mlandu wina.

Koma chimene chimazunguza mutu pa ntchito youkitsa galimoto yakale ndi ndalama. Uthenga Wabwino wa Luka umachenjeza munthu wofuna kumanga nsanja kuti ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, kuopa kuti odutsa angamuseke atalekera pa maziko. Ndipo ine, pokhala mkulu wa mpingo wosafuna kusekedwa, ndidakhaladi pansi ndi kope lakale la masamu, n’kulemba zonse mwadongosolo, kuyambira mapulagi mpaka utoto. Chimene Luka sadatchule n’chakuti munthu wa nsanja uja ndalama yake siidagwe mphamvu. Yanga idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inki isanaume bwino, ndipo zimene ndidaikira matayala anayi atsopano zidatsala zokwanira awiri a kaunjika ndi pemphero. Msungichuma wa pakhomo pathu, amene ndi mayi a kunyumba omwewo, adakhazikitsa lamulo lakuti galimoto izidya zotsala ufa, makala, mchere ndi chakhumi zitatuluka. Ndipo popeza zotsala zotero sizioneka kawirikawiri pa penshoni, tidazolowera kugula kachitsulo kamodzi pa mwezi, tikudzitonthoza kuti pang’onopang’ono ndi mtolo. Mabuleki ndidawalemba kumapeto kwenikweni kwa tsamba, pa chifukwa chimene mpaka lero ndikuchiona chomveka, chakuti galimoto yosayenda siifuna choiimitsa.

Alangizi okha ndiwo sitidawagule. Galimoto yakufa ikakhala pakhomo, mwamuna aliyense wodutsa pamsewu amaima, amaika manja kumbuyo, amasuzumira m’boneti, n’kutchula nthenda yosiyana ndi ya mnzake wa dzulo. Ndipo mmodzi wa iwo, amene ankayenda ndi sikelo m’thumba, adaizungulira modekha kwambiri kuposa onse, mpaka ndidayamba kumukonda, asanandifunse kuti ndingamugulitse zingati pa kilo.

Aliyense wokhala mu Blantyre amadziwa kuti chitsulo chikasowa m’masitolo onse a m’tauni ndi a ku Limbe chimapezeka ku Ndirande, ndipo chikasowa ku Ndirande amachipanga uli chiimire. Tidapita kumeneko kukafuna kabuleta wa Solex, ine nditavala jekete ndi tayi monga kuyenera munthu wokachita malonda aakulu. Mnyamata wina wa ovolosi yakuda bii ndi oyilo adatilandira ndi chimwemwe, nati, “Madala, mwafika. Peugeot yake iti?” Ine, poona kuti ndapeza munthu wodziwa kuyamikira zinthu, ndidamufotokozera za Pininfarina, za 1963, za magalimoto 84 aja ndi 7 otsala, iye akugwedeza mutu mwachidwi chachikulu, koma mwana wanga, amene nthawi yonseyo ankandikoka jekete kumbuyo, adandiuza pobwerera kuti mtengo unkakwera pa chaka chilichonse chimene ndinkatchula, ndi kuti 1968 yokha idatidyera ndalama ya ndiwo za sabata yathunthu. Kuyambira tsiku limenelo tidagwirizana kuti pa maulendo otere ine ndiziima patali, pafupi ndi chiwaya cha tchipisi, kuyang’anira chitetezo, iye azilowa yekha atavala malaya ong’ambika ndi nkhope ya mwana wamasiye.

Zimene sitidathe kugula tidazipanga. Magasiketi tidadula ku chikuto cha fayilo yakale ya ku ofesi. Pansi podyeka ndi dzimbiri paja wowotcherera wina adatsekapo ndi chitsulo cha mgolo, ntchito imene idachedwa chifukwa iye ndi magetsi sankapezeka tsiku limodzi. Mapaipi tidamanga ndi malegeni. Ndipo thanki ya petulo itayamba kudontha tidapakapo sopo wa mtanda, mpaka mayi a kunyumba adayamba kutsekera sopo m’kabati pamodzi ndi shuga. Pa nkhani ya difu ndiye ndidatsala pang’ono kupulumutsa banja ku umphawi. Mnyamata adawerenga kuti difu ya 404 ndi yosiyana ndi ya magalimoto ambiri, pakuti m’kati mwake muli chitsulo chopota chimene chimazunguza gudumu la mkuwa, ndipo eni ake ankati muzithiridwa mafuta ochokera ku nsatsi, osawasakaniza ndi oyilo wamba. Nditamva za nsatsi mtima wanga udadumpha, chifukwa kuseri kwa nyumba ya amalume zimamera zokha osabzala, ndipo agogo anga aakazi ankazikazinga, kuzisinja ndi kuziwiritsa mumphika mpaka mafuta atayandama pamwamba. Ndidatumiza uthenga kumudzi, botolo lidabwera pa basi, mnyamata adalinunkhiza, adaliyang’ana padzuwa, nati, “Ababa, awa muzidzola ndinu.” Ndikudzola mpaka lero, ndipo ming’alu ya kumapazi kwanga yatha.

Pofika nyengo imeneyo udindo wanga pa ntchitoyi udali utakhazikika, ndiwo wogwira tochi, ndipo asaupeputse munthu amene sadaugwirepo. Mnyamata amayala katoni, amalowa chagada pansi pa galimoto n’kutsala mapazi okha panja, ndipo kuchokera mumdima umenewo mumatuluka malamulo: “Walitsani apa, Ababa. Ayi, kumeneko ndi kumaso kwanga. Mundipatseko 13.” Ine ndimapereka 17, pakuti manambala a pa sipanala adalembedwa ndi anthu osaganizira maso a okalamba, ndipo sipanalayo imabwerera ikukhwekhwerezeka pa simenti, popanda mawu otsagana nayo. Ndaona kuti mwana amene patebulo sayankha zoposa “eya” ndi “ayi” amamasuka lilime akabisa nkhope pansi pa galimoto. Madzulo ena, ndili chogwada, dzanja lina litagwira waya, lina litachirikiza ekizozi, tochi nditailuma ndi mano, mawu adatuluka pansipo akuti, “Ababa, za uakauntanti zija ine ayi. Ndikufuna ndikaphunzire umakaniko ku sukulu ya ntchito zamanja.” Ndidali nawo mawu ambiri oti ndiyankhe, okhudza ofesi, tayi ndi penshoni, mawu amene ndidawakonza iye ali m’chikuta, koma munthu woluma tochi salankhula, ndipo ndikadatsegula pakamwa ikadamugwera pamphumi. Iye adadikira pang’ono, nati, “Zikomo, Ababa, ndimadziwa kuti mumvetsa,” n’kupempha 10.

Tsiku loliza injini lidafika Loweruka lina lotentha. Petulo adali wochepa, wogonera pamzere. Batire tidabwereka kwa aneba, amene adatikumbutsa potipatsa, ndiponso titatuluka kale pageti, kuti khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Ana a dera lonse adasonkhana, amayi adaima m’makonde, ndipo ine ndidakumbukira mneneri Ezekieli m’chigwa cha mafupa owuma. Mnyamata adapotokola kiyi. Injini idabuula, idatsokomola, idakhala chete, kenaka idaphulika ndi mkokomo umene udabalalitsa nkhuku za mzere wonse, ndipo ku ekizozi kudatuluka utsi wakuda, makoko a mtedza ndi khoswe mmodzi wamoyo, amene adathawira kwa aneba osatsanzika. Amayi adaimba nthungululu.

Ndipo apa, owerenga okondedwa, ndi pamene Mulungu adakumbukira mtumiki wake. Mnyamata uja wa nzeru zonse, mwana wa m’badwo wa magalimoto a otomatiki ochokera ku Japan, adagwira ndodo ya giya, imene pa 404 imakhala pachiwongolero, naikankha uku ndi uku, giya osalowa, mpaka adatembenuka n’kunena, “Ababa, izi zimatheka bwanji?” Funso limeneli ndidali nditalidikira kuyambira tsiku la boneti lija. Ndidavula jekete modekha n’kuipereka kwa mayi a kunyumba, ndidauza mnyamata kuti asunthe, ndidakhala pampando wa amalume pamaso pa khamu lonse, ndi kunena mokweza kuti mawu a akulu amakoma akagonera. Ndidaponda kilatchi, ndidakoka ndodo monga ndinkaonera amalume ndili mwana, ndidayang’ana ku geti ndi nkhope ya Nowicki mwini wake, n’kuchotsa phazi.

Pa Peugeot za zaka zimenezo, Afalansa, pa zifukwa zodziwa okha, adaika giya wobwerera m’mbuyo moyang’anizana ndi giya woyamba, mu mzere umodzi, mwakuti ulendo wa ku geti ndi ulendo wa ku thandala la mbale umasiyana pang’ono kwambiri. Galimoto idanyamuka ndi mphamvu yoyenera mbiri yake, idatenga thandala ndi mapoto ake, idapitirira ndi chingwe choyanikira zovala, ndipo ine ndidaponda mabuleki, amene, monga owerenga akukumbukira, adali adakali m’kope la masamu. Chidatiimitsa ndi mpanda wa njerwa wa aneba a batire aja, umene udagwira ntchito yake mokhulupirika usanagone pansi. Palibe adavulala, ndipo ndikufuna zilembedwe kuti injini siidazime, ndi kuti bampala ya 1966 idangokandika pang’ono, chinthu chimene sindikhulupirira kuti magalimoto a masiku ano angachite.

Bwalo lidakhala madzulo omwewo, mayi a kunyumba ali pampando woweruza. Ndidapereka umboni wonse wotsutsa Afalansa, koma popeza iwo sadabwere kudzayankha, mlandu udagwera amene adalipo. M’kope muja mabuleki akwera kufika pa nambala 3, pansi pa mpanda wa aneba ndi mapoto awiri. Ndipo kiyi, mwa chigamulo chosalola apilo, akusunga mnyamata, amene walonjeza kuti mabuleki akatha azindiphunzitsa magiya Loweruka lililonse, pabwalo la mpira, kutali ndi nyumba za anthu.