Gulani bokosi kaye, kuimba mudzaphunzira pambuyo

Achimwene a gitala ya lidi, kaya muli pa Ulongwe, ku Phalula, pa Ntaja kapena ku Liwonde, matenda anu tawapeza. Anthu akamatuluka m'holo inu muli pakati pa solo, musamakayikire zala zanu kapena kudandaula kuti gitala simunaichune. Chimene chikukusowani ndi bokosi. Akale ankati ukaipa dziwa nyimbo, koma lero nyimbo zikakukanika umangogula rack.

Kwa amene simunalionepo, rack effects processor ndi bokosi lachitsulo lophwatalala, lotambalala mainchesi 19, lomwe amalimanga ndi masikuluwu m'kabati ya zida. Msinkhu wake amauwerenga ndi chilembo U, ndipo U imodzi ndi mainchesi 1.75. Kulira kwa gitala kumalowa uku, kompyuta ya m'katimo n'kukutakasa, kenako n'kutulukira uko kutasinthiratu. Reverb imachititsa kuti muzimveka muli m'tchalitchi chachikulu pamene muli m'shedi ya thonje. Delay imabwereza chimene mwaimba, kawiri, katatu, kasanu, moti mukaphonya waya anthu amakhala ndi mwayi womva kuphonyako kasanu. Chorus imanamiza omvera kuti oimba gitala alipo awiri, ngakhale malipiro amakhalabe a munthu mmodzi. Distortion imasasitsa mawu a gitala, ntchito yomwe sipika yong'ambika ya bandi yanu yakhala ikugwira kwaulere kuyambira kalekale.

Posankha musataye nthawi n'kumvetsera. Werengani timagetsi takutsogolo, ndipo lomwe likuphethira kwambiri ndi lanu. Mukatero yang'anani dzina. Pali Axe-Fx III ya kampani ya Fractal Audio, yomwe inatuluka mu 2018 ndipo imatenga ma U atatu. Pali Kemper ya ku Germany, Helix Rack ya Line 6, mabokosi a TC Electronic a ku Denmark, komanso nkhalamba yolemekezeka Eventide H3000 ya m'chaka cha 1986. Tengani dzina lomwe m'bandi mwanu palibe angalitchule osadziluma lilime, chifukwa ulemu umayambira pamenepo. Angapo mwa mabokosi atsopanowa amatsanzira kulira kwa maampulifaya otchuka monga Marshall ndi Fender, ena mpaka mitundu mazanamazana. Inu mudzagwiritsa ntchito umodzi, koma muzigona mukudziwa kuti inayo ilimo.

Mtengo usakuopseni. Axe-Fx III imaposa madola 2,000, kutanthauza mamiliyoni atatu ndi kanthu pa mtengo wa kubanki, ngati bankiyo madolawo ili nawo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye amene mwakhala mukusunga ndalama m'chitini pofuna bokosili mukudziwa kale kuti limathamanga kuposa inu. Chitani changu. Gulitsani nandolo yense, mbuzi, ndi njinga yomwe mwana wa achemwali amachitira kabaza. Chotsala mayi a kunyumba akatenge ku banki m'khonde, muwauze kuti ndi mpamba wa bizinesi. Za msonkho wa pachipata musawauze kaye, adzazimva katundu akafika pa Mwanza.

Likafika m'pamene mudzadziwe chinsinsi chimene ogulitsa sathamangira kunena, chakuti bokosili palokha sililira. Limafuna ampulifaya ndi masipika, kapena lilumikizidwe ku mikisa. Chopondera chosinthira mawu muli pa siteji nachonso amagulitsa padera, ndipo mtengo wake ungagule gitala ina yabwinobwino. Apa musabwerere m'mbuyo. Lumikizani bokosi la mamiliyoni ku sipika ija munagula pamsika, yomwe koni yake munaimata ndi guluu wa nsapato. Mawu adzatuluka chimodzimodzi ndi kale, koma inu mumtima mudzakhala mukudziwa kuti asanafike pasipikapo anali okoma.

Tsopano za magetsi, pakuti nkhani yagona pamenepa. Kuno timagwiritsa ntchito mavoti 230. Mabokosi ambiri atsopano amalandira mphamvu ya dziko lililonse, koma akale ochokera ku America, aja amaoneka otsika mtengo pa intaneti, ambiri amafuna mavoti 120 okha. Kuseri kwake amalemba ndithu, koma kuwerenga timalemba tating'onoting'ono ndi khalidwe la anthu amantha. Dulani pulagi yachilendoyo, lowetsani mawaya awiri m'soketi, mutsinire ndi kamtengo ka machesi. Mudzamva kuti phu, kenako kafungo. Utsi wa chipangizo chapamwamba suoneka kawirikawiri m'boma la Machinga, choncho itaniranitu anzanu adzaonere.

Tiyerekeze kuti mwapulumuka pamenepo. A ku Liwonde mumaona tsiku ndi tsiku madzi a Shire akudutsa pa Kamuzu Barrage kupita kukapukusa makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mwina mumaganiza kuti popeza madziwo amakupatsani moni, magetsi ake adzakukomerani mtima. Kumbukirani January 2022, pamene namondwe Ana anawononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ndiye shoo yanu ya paukwati idzayendera jenereta. Jenereta yomweyo ikukoka firiji ya zakumwa, makina a mbuliwuli ndi mafoni makumi awiri a achibale a mkwati. Firiji ikangoti gwii, mphamvu imatsika, bokosi lanu n'kuzima. Poti ndi kompyuta, siliyaka pompopompo ayi, limayamba lalemba dzina lake pagalasi, n'kudzikonzakonza, inu mutaima ndi gitala yosalankhula. Ena adzakulangizani kugula sitabilaiza kapena UPS. Amenewo ndi ansanje, akufuna ndalama yotsalayo musagulire nsapato zosongoka.

Kutentha kwa October ku Balaka sikufuna kufotokozera munthu. Ena mwa mabokosi amphamvuwa ali ndi kafani m'kati, ndipo kafaniko sikasankha, kamakoka mpweya pamodzi ndi fumbi la pabwalo lomwe ovina akutibula. Kuti fumbi lisalowe, likutireni ndi chitenje mbali zonse mpaka lifunde bwinobwino. Ponyamula, kabati yake ndi yolemera, ndiye kondakitala wa minibasi ya ku Nselema adzaiika pansi penipeni, pamwamba n'kusanjikapo matumba a mpunga ndi dengu la matemba a ku Chilwa lomwe likudontha. Mudzalipira mipando iwiri. Likadwala, pitani nalo kwa Che Uje okonza mawailesi kuseri kwa msika. Adzalitsegula, adzaliyang'ana nthawi yaitali, adzapukusa mutu n'kunena kuti, “Apa bwana yapsa ndi IC.” Masikuluwu awiri adzatsala patebulo.

Muchenjere ndi anthu okumbutsa mbiri, chifukwa ku Balaka aliko ambiri. Adzakuuzani kuti Alleluya Band inayamba mu 1978, anyamata ngati Paul Banda akulimbikitsidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo kuti chimene chinaipititsa mpaka ku Italy ndi kuyeserera kosatopa. Adzatchula situdiyo ya Imbirani Yahwe, kumene kunajambulidwa makaseti omwe anazunguza dziko lonse m'zaka za m'ma 1990. Adzatchula malemu Lucius Banda, Soja wa ku Sosola amene anatisiya pa 30 June 2024, ndi Zembani Band yake ya mu 1997, kenako Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena, n'kukufunsani kuti mwa anthu onse amene ankaimba nawo nyimbo zimenezo m'mabasi ndi m'mabala, ndani ankadziwa dzina la bokosi lililonse. Adzanenanso kuti m'chamba cha reggae ya ku Balaka besi ndi kiyibodi ndizo zimasenza nyimbo, gitala ntchito yake n'kudula mwaukhondo pa nthawi yake, mwina n'kadelay pang'ono, zomwe kapedulo kamodzi ka Boss kapena Zoom kokwana m'chikwama kamachita bwinobwino.

Akapsa mtima adzafika mpaka ku Jamaica, kuti Lee Perry ankazunguza mitu ya anthu ndi Roland Space Echo, makina a tepi a m'chaka cha 1974. Adzawonjezera kuti Madalitso Band yazungulira ku Ulaya ndi babatoni wa waya umodzi, ndi kuti Giddes Chalamanda anagwedeza TikTok ali ndi zaka zoposa 90. Zonsezi n'zoona, n'chifukwa chake simuyenera kuzimvera. Kuyeserera kumapweteka nsonga za zala, kumadya miyezi, ndipo sikuoneka pa chithunzi cha pa Facebook. Bokosi limaoneka.

Tsiku la ukwati likafika, liikeni kutsogolo kwenikweni, ngakhale woimba ng'oma abisike. Mkwati ndi mkwatibwi akhala kale pampando, perekaniperekani wafika pa mbali ya kuchikazi, azakhali aima pakati pa holo ndi ma K200 atsopano m'manja, MC wakuwa katatu kuti bandi ilize. Inu gwadani pamaso pa bokosi, thukuta likugwera pagalasi, muzipotokola kabatani kufunafuna preset, kamvekedwe kosungidwa m'bokosimo, ija munaikonda usiku. Mudzadutsa ya mkokomo wa ndege, ya gitala yolira chobwerera m'mbuyo, ina yongoti wiii osasiya. Wa kiyibodi adzayamba yekha nyimboyo, besi n'kulowa, azakhali n'kuyamba kuponya ndalama m'lichero. Pofika pamene mwaipeza preset yanu, anthu akudya. Musakhumudwe, imbani solo yonse kwa ana omwe akutolera zitsekerero za mabotolo, ndipo potuluka muuze aliyense kuti mikisa ya eni holo ndi yachikale.

Ngongole ya banki m'khonde ikafika pakhosi, amayi a gulu atabwera kudzanyamula malata, musapite nalo kutali bokosilo. Tiuzeni ife kaye. Pali anyamata a kwaya cha ku Utale amene akufunafuna kabati yolimba yosungiramo mawaya ndi mamayikolofoni, ndipo akuti bokosi la m'katimo mukhoza kutsala nalo.